Chingwe cha Lamya

Zowerenga zathu za lero zachokera kumene sitinazolowere kutengako phunziro. Zachokera mu filimu yakale ya ku America yotchedwa Detour, imene inatuluka m'chaka cha 1945. Dzinali limatanthauza njira yolambalala, ija imene woyendetsa galimoto amakhoteramo msewu waukulu ukatsekedwa. Ndi filimu ya zithunzi zakuda ndi zoyera, yaifupi, yosakwana ngakhale mphindi 70. Inapangidwa ndi kampani ya Producers Releasing Corporation, imodzi mwa timakampani tosauka ta ku Hollywood timene tinkapanga mafilimu otchipa ongoperekezera filimu yaikulu imene anthu analipirira. Anaitsogolera ndi Edgar G. Ulmer, wobadwira ku Olomouc m'chaka cha 1904, ndipo nkhani yake inachokera m'buku la Martin Goldsmith la 1939.

Umphawi wa filimuyi subisika. Pofuna kutionetsa msewu wa mu New York, anangofukiza nkhungu yambiri kuti tisaone kuti kumbuyoko kulibe nyumba. Pena anatembenuza chithunzi, moti magalimoto akuoneka ngati akuyenda mbali yolakwika ya msewu. Ulmer atakalamba ankanena kuti anaijambula m'masiku 6 okha, ngakhale ofufuza apeza kuti anapitirirapo. Komabe m'chaka cha 1992 Library of Congress inaiika pamndandanda wa mafilimu oyenera kusungidwa ngati chuma cha dziko la America. Ife tikuganiza kuti chimene chaisunga n'chakuti inaona bwino lomwe mmene munthu amagwerera m'manja mwa mnzake chifukwa cha chinthu chimene wabisa.

Nkhaniyo ili motere. Al Roberts, amene mbali yake anasewera ndi Tom Neal, ndi woimba piyano pamalo ena achisangalalo ausiku mu New York. Bwenzi lake Sue, woimba nyimbo pamalo omwewo, wapita ku Hollywood kukasaka mwayi. Al aganiza zomutsatira, koma alibe ya basi kapena ya sitima, choncho ayenda mopempha malifiti. Ali ku Arizona, amutenga munthu wina wovala bwino dzina lake Charles Haskell, wa juga ya mipikisano ya mahatchi, ali pa galimoto yapamwamba yotsegula denga. Haskell amugulira chakudya, amufotokozera mbiri yake, ndipo Al ataona mabala a zikhadabo padzanja lake, iye anena mosachita manyazi kuti anamukanda ndi mkazi wina amene anamupatsa lifiti, n'kumutsitsa panjira atakana zofuna zake. Njira yonse Haskell akumeza mapiritsi. Usiku apatsa Al chiwongolero, iye n'kugona. Kenako mvula iyamba. Al aimitsa galimoto kuti akweze denga, ayesa kudzutsa mwini wake koma sakudzuka, ndipo atatsegula chitseko, Haskell agwera pansi n'kumenyetsa mutu pamwala. Wafa. Mwina anali atafa kale ali pampando, filimu siitiuza.

Tiime kaye pamenepa, chifukwa zonse zotsatira zikubadwira pamphindi imeneyi. Mpaka pano Al sanalakwe chilichonse. Ndi mmphawi amene wapezeka pafupi ndi mtembo wa munthu wandalama, usiku, kuchipululu, popanda mboni. Mantha ake tisawanyoze. Akudziwa mmene akuonekera: ndevu zosameta, zovala zafumbi, m'thumba mopanda kanthu. Akudzifunsa kuti ndi wapolisi uti angamukhulupirire. Ndani wa ife angalumbire kuti pamalo amenewo mtima wake sukanagunda chimodzimodzi? Osauka a m'maiko ambiri amadziwa kuti nthawi zina chovala chimaweruzidwa mwini wake asanatsegule pakamwa.

Koma taonani ntchito ya manthawo. Al akokera mtembo kutchire. Kenako aona kuti sangasiye galimoto pamenepo, choncho aitenga. Galimoto imafuna mafuta, choncho atenga ndalama. Munthu wansanza pa galimoto yotere angakayikitse, choncho avula wakufayo n'kuvala zovala zake. Ndipo popeza panjira angafunsidwe chiphaso, atenga chikwama ndi dzina lomwe. Chilichonse mwa zimenezi chikuoneka chanzeru chifukwa cha chinzake chimene chatsogola. Asananyamuke n'komwe, wapolisi wa pa njinga yamoto aima n'kumuuza kuti asaimike galimoto mumsewu. Uwu unali mpata, ndipo Al anausiya kuti udutse. Pachipata cholowera ku California aonetsa mapepala a Haskell ngati ake. Pofika m'mawa, munthu amene ankaopa kunamiziridwa kuba wabadi, ndipo wadzipangira yekha umboni wonse womuonetsa ngati wakupha.

Apa m'pamene Vera akulowera. Al amupeza pafupi ndi malo omwetsera mafuta akuimitsa magalimoto, n'kumutenga. Ann Savage anasewera mbali imeneyi mwaukali moti anthu amamukumbukirabe mpaka lero: tsitsi losapesa, maso osaphethira, mawu otuluka ngati akulavula. Atagona pang'ono, adzuka n'kufunsa Al kumene wataya mtembo wa mwini galimotoyo. Ndi mkazi uja anakanda Haskell. Galimoto akuidziwa, zovala akuzidziwa, ndipo akudziwa kuti wazivalayu si mwini wake.

Kuyambira pamenepo Al si mfulu. Vera alanda ndalama zonse. Afika ku Hollywood, achita lendi nyumba monga Bambo ndi Mayi Haskell, ndipo wosunga kiyi ndi Vera. Alibe mfuti, alibe mpeni, ndi wodwala chifuwa, ndipo Al akanatha kumukankha ndi dzanja limodzi. Chida chake n'chimodzi: ukakana, ndiimbira apolisi. Poyamba akufuna ndalama za galimoto ikagulitsidwa. Ali pafupi kusaina kwa wogula magalimoto akale, Vera aona m'nyuzipepala kuti bambo a Haskell, munthu wa chuma chambiri, ali kayakaya ndipo akufunafuna mwana wawo amene anathawa pakhomo zaka zambiri zapitazo. Basi galimoto yachepa. Tsopano akufuna Al akadzionetse ngati Haskell kuti akalandire chuma chamasiye. Umu ndi mmene wogwira mnzake pakhosi amachitira: chimene walipidwa lero chimangomutsimikizira kuti mawa angapemphe chokulirapo. Chinsinsi si mbuzi yoti ukaigula upita nayo kwanu. Wogulitsayo amatsala nachobe m'mutu.

Funso limene tikufuna tilisinkhesinkhe pamodzi ndi ili: mphamvu ya Vera ikuchokera kuti? Sikuchokera pa imfa ya Haskell. Al akanauza wapolisi wa njinga uja zonse, Vera akanakhala mboni chabe, mwinanso mboni yomuthandiza, poti ankadziwa kuti Haskell anali munthu wotani. Chingwe chimene Vera akukoka anachipota ndi Al mwini wake usiku uja mumvula. Vera anangochitola.

M'buku loyamba la maphunziro athu tinaloweza mawu a 'Abdu'l-Bahá onena za malo a kunena zoona, kuti makhalidwe ena onse abwino amakhazikika pamenepo. Ambiri a ife tinawalandira ngati langizo lopereka kwa ana a m'kalasi yathu kuti asamaname akaswa mbale. Filimuyi ikutionetsa kulemera kwake pa munthu wamkulu. Al si wankhanza. Ali ndi luso, ali ndi chikondi, ndipo Vera atamukopa usiku wina iye akana chifukwa mtima wake uli kwa Sue. Koma zabwino zonsezi zasowa poimira. Pali malo ena m'filimuyi amene amatikhudza kuposa onse. Vera atalowa kuchipinda, Al atenga lamya mwakachetechete n'kuimbira Sue. Wayenda makilomita oposa 4,000 chifukwa cha mkazi ameneyu, ndipo tsopano ali mumzinda umodzi. Sue ayankha, afunsa kuti ndani. Al angokhala duu, kenako n'kubwezera lamya pamalo pake. Alibe dzina loti atchule. Akati ndi Al, ayenera kufotokoza chifukwa chake akugona m'nyumba ya Bambo ndi Mayi Haskell. Bodza limene analipanga pofuna kukafika kwa Sue ndi lomwelo lamutsekera pakamwa pamaso pa Sue.

Lamya yomweyo ndi imene ikutsiriza nkhani. Al akana zokadzionetsa kwa nkhalamba ija, poti alibe ngakhale chipsera chimene Haskell anali nacho pamkono. Akangana, Vera ataledzera atenga lamya, athawira nayo kuchipinda n'kukiya chitseko, akuti akuimbira apolisi. Al agwira chingwe chimene chadutsa pansi pa chitseko n'kuchikoka ndi mphamvu zonse kuti chiduke. Sakudziwa kuti Vera wadzigwetsera pabedi chingwecho chitamuzinga m'khosi. Pothyola chitseko apeza wafa.

Tisathamangire kuweruza Vera ngati kuti iye ndi chilombo chabe. Haskell anamulakwira zenizeni. Ndi wodwala, ali yekha, ndipo akuoneka kuti akudziwa kuti masiku ake si ambiri. Mwina kwa nthawi yoyamba pamoyo wake wapeza mwamuna amene sangamutsitse panjira. Koma taonani mtengo wake. Woyang'anira ndende nayenso amagona kundende komweko. Vera sangachoke m'nyumbamo, sangagone tulo tabwino, ndipo sangalandire chifundo chilichonse kwa Al, chifukwa ngakhale chitabwera sangadziwe ngati n'chifundo kapena mantha. Chinsinsi chimene wagwira chamulanda chinthu chimodzi chimene akuchisowa kwambiri, ndicho mnzake.

Mu Kitáb-i-Aqdas, Bahá'u'lláh anaika miseche ndi kunamizira ena m'ndime imodzi ndi kupha ndi chigololo. Ena timadabwa nazo, poti miseche timaiona ngati ndiwo ya macheza. Kuopseza munthu ndi chinsinsi chake ndi miseche yomweyo, koma yoikidwa m'nkhokwe kudikira kuti mtengo ukwere. Ndipo apa, abwenzi, tisaganize kuti nkhaniyi ndi ya ku Hollywood kokha. Ambiri a ife sitinapemphepo ndalama kwa munthu kuti timusungire chinsinsi. Koma pali mwamuna amene amafukula cholakwa chakale cha mkazi wake nthawi iliyonse imene wasowa choyankha. Pali mkazi amene amachita chimodzimodzi. Pali wantchito amene amadziwa kanthu za mnzake, ndipo sanena chilichonse, amangomuyang'ana pamsonkhano kuti akumbukire. Ngakhale pakati pathu pangapezeke wina amene bwenzi anamuululira vuto lake pa nthawi ya misozi, ndipo kuyambira tsiku limenelo bwenziyo sayerekeza kumutsutsa pokambirana. Iyi ndi ntchito ya Vera yomweyo, yangosinthidwa kukhala ndalama zing'onozing'ono.

Wina afunsa kuti, ndiye tizibisa zoipa zonse? Ayi. Mwana akamachitidwa nkhanza, kapena ndalama za anthu zikamabedwa, kukhala chete n'kuthandiza woipayo, ndipo nkhaniyo iyenera kufika kumene ingathetsedwe: ku Bungwe Lauzimu, kwa apolisi, kwa amene ali ndi udindo. Kusiyana kwake kukuoneka pa Vera yemweyo. Iye akanakhala kuti imfa ya Haskell yamukhudza, akanatsika pa tauni yoyamba n'kupita kupolisi. Sankafuna kuti choonadi chidziwike. Chikanadziwika, malonda ake akanatha pomwepo. Choncho tikadziwa cholakwa cha munthu, tingadziyese ndi funso losavuta: kulankhula kwanga kapena kukhala chete kwanga kukuteteza ndani, ndipo ine ndikupindulapo chiyani?

Tibwerere kwa Al. Filimu yonseyi tikuimva kuchokera pakamwa pake. Wakhala m'kanyumba kodyera m'mphepete mwa msewu ku Nevada, khofi ali patsogolo, akukumbukira. Ndipo nyimbo yake n'imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, yakuti tsoka limangosankha munthu popanda chifukwa. Ifenso timati tsoka silinunkha, ndipo n'zoona. Koma 'Abdu'l-Bahá, m'zokambirana zake ndi Laura Clifford Barney ku 'Akká pakati pa 1904 ndi 1906, zimene zinasonkhanitsidwa m'buku la Some Answered Questions, anasiyanitsa mitundu iwiri ya zinthu. Zina zimatigwera tisanafunsidwe, monga matenda, ngozi ndi imfa. Zina zili m'manja mwathu, monga kuchita chilungamo kapena kusachita. Mvula ija sinali ya Al. Mwala uja sunali wake, ngakhalenso mapiritsi a Haskell. Koma manja amene anakoka mtembo anali ake, ndipo pakamwa pamene panayankha wapolisi panali pake. Luso la Al pofotokoza ndi lothira zonsezi mumphika umodzi n'kuzitcha tsoka.

Zimenezi zikutikhudza chifukwa m'Mawu Obisika, amene Bahá'u'lláh anavumbulutsa ku Baghdad m'chaka cha 1858, tikulangizidwa kudzifufuza tsiku ndi tsiku. Tingati Al akuchita zomwezo, poti filimu yonse ndi munthu akubwereza zochita zake m'maganizo. Koma akuzibwereza ngati loya wodziteteza, akulankhula kwa ife oonera kuti timumvere chisoni. Ena odziwa za mafilimu amakayikira ngati nkhani yake ili yoona n'komwe: anthu awiri kufera m'manja mwa munthu mmodzi, onse mwangozi? Ife sitikufunika kumutcha wabodza. Ngakhale titakhulupirira mawu ake onse, mipata imene anaikana ikuonekabe. Kudzifufuza kwenikweni kumachitika pamaso pa Mulungu, amene analipo mumvula muja ndipo safuna kuuzidwa mmene zinakhalira. Pamaso pa mboni yotere, loya alibe ntchito. Ambiri a ife tikagona timabwereza za tsikulo, koma tiyenera kumvetsera kuti ndani akulankhula mumtimamo.

Sitikulonjeza kuti Al akananena zoona akanamasulidwa. Mwina akanamangidwa, mwina akanaweruzidwa molakwika. Mbiri ya Chikhulupiriro chathu sitilola kunena kuti choonadi ndi chishango cha thupi. Mu Ogasiti 1852, anyamata ena otsatira Báb atayesa kupha Násiri'd-Dín Sháh, dzina la Bahá'u'lláh linatchulidwa pakati pa oganiziridwa, ngakhale Iye sanakhudzidwe ndi chiwembucho. Anali kumudzi kunja kwa Tehran, ndipo amene ankamufunira zabwino anamupempha kuti abisale mpaka zinthu zitazizira. Iye anakana, nakwera hatchi kulunjika kumene kunali msasa wa mfumu ku Níyávarán. Anamangidwa, anayendetsedwa wapansi mpaka ku Tehran, naponyedwa m'ndende ya pansi pa nthaka ya Síyáh-Chál kwa miyezi 4, unyolo wolemera uli m'khosi. Atapezeka wosalakwa, anathamangitsidwabe m'dziko lake. Choonadi sichinamupulumutse ku masautso. Koma panalibe munthu padziko lapansi amene akanamunong'oneza kuti, ndikudziwa zako, chita zimene ndikufuna. Unyolo wa Síyáh-Chál unasiya zipsera pathupi lake moyo wake wonse, koma sunafike pamene chingwe cha Vera chinafika mwa Al.

Pali mfundo ina imene tiyenera kuilongosola kuti tisasokonezeke. Bahá'u'lláh analetsa kuulula machimo kwa munthu mnzathu pofuna chikhululukiro, chifukwa chikhululukiro n'cha Mulungu, ndipo Iye safuna kuti atumiki ake anyazitsidwe pamaso pa anzawo. Lamulo limeneli limateteza ulemu wa munthu, ndipo limachotsa m'manja mwa aliyense mphamvu imene imabwera chifukwa chosunga zinsinsi za ena. Koma si chilolezo chobisira anthu choonadi chimene chili chawo. Kupepesa amene tamulakwira, kuyankha pamaso pa malamulo a dziko, kupempha nzeru tikathedwa nazo, zonsezi n'zotseguka. Al sanafunikire kuuza dziko lonse za mumtima mwake. Koma kunali nkhalamba ina pabedi la imfa ikufunafuna mwana wake, ndipo munthu mmodzi yekha padziko ndi amene ankadziwa tchire limene mwanayo wagona. Al anawerenga za nkhalambayo m'nyuzipepala, ndipo chimene anaganiza n'chakuti angagwidwe bwanji.

Masiku ano chingwe cha lamya chinatha, koma ntchito ya Vera yakula. Wachinyamata amatumiza chithunzi kwa munthu amene amamukhulupirira pa WhatsApp kapena pa Facebook, ndipo mawa lake amalandira uthenga wakuti atumize ndalama kapena chithunzi china, apo ayi makolo ake ndi anzake a kusukulu aona zonse. Ambiri mwa ana amenewa sanapalamule mlandu uliwonse; anangokhulupirira munthu wolakwika. Chimene chimawamanga ndi manyazi, ndipo woopsezayo amadalira chinthu chimodzi, chakuti mwanayo sauza aliyense. Amene zamugwera asalipire, asafufute mauthengawo poti ndi umboni, ndipo auze munthu wamkulu wodalirika kuti apite naye kupolisi. Mutu umodzi susenza denga, makamaka denga lotere. Koma mbali yovuta ili kwa ife akuluakulu, aphunzitsi a makalasi a ana ndi otsogolera magulu a achinyamata. Mwana amauza munthu amene wamuona kale mmene amasungira za ena. Ngati amatimva tikuseka za mwana wa mnansi amene zinamuonekera, adzasankha kulipira.

Vera atafa, Al anapulumuka mwa njira yodabwitsa. Ali ku Bakersfield anawerenga m'nyuzipepala kuti apolisi akusakasaka Charles Haskell pa imfa ya mkazi wake, ndiye kuti akusaka munthu wakufa. Al Roberts nayenso ankawerengedwa kuti anafa, poti zinthu zake zinatsala ndi mtembo uja ku Arizona. Palibenso womuopseza, palibenso wodziwa. Koma ku New York sangabwerere, chifukwa Al Roberts ayenera kukhalabe wakufa. Ku Hollywood sangabwerere, chifukwa kumeneko amamudziwa ngati Haskell. Kwa Sue sangapite. M'kanyumba kodyera kaja, woyendetsa lole wina ataponya ndalama m'makina oimbira, mutuluka nyimbo imene Sue ankaimba, ndipo Al akuwa kuti aizimitse, mpaka mwini malowo amudzudzula. Malamulo oyang'anira mafilimu a ku Hollywood pa nthawiyo sankalola kuti wolakwa athe osalangidwa, choncho chithunzi chomaliza chikuonetsa Al akuyenda yekha usiku m'mphepete mwa msewu, galimoto ya apolisi n'kuima pambali pake. Iye sathawa, salimbana. Angolowa.